MBAULA, NG'ANJO NDI ZITSEKO ZA KU LIWONDE

Aliyense woyenda pa mseu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, ngakhalenso wochokera ku Liwonde kupita ku Balaka, amaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa mseu, ndi njinga zitasenza mitolo ya nkhuni yoposa msinkhu wa mwini njingayo. Akakweza maso amaona mapiri a ku Machinga, amene makolo athu anaŵasiya ali oŵirira ndi mitengo ya mombo, misuku ndi miwanga, tsopano m'malo ambiri ali mbee, miyala ili pamtunda.

Ambiri tikaona zimenezi timafulumira kuloza chala anthu ootcha makala. Koma ndi bwino tikumbukire kuti ulendo wa nkhuni ndi makala onsewo umathera pa moto wa m'nyumba mwathu momwe. Ndondomeko ya boma ya za makala, imene inatuluka mu 2017, inanena kuti mwa mabanja 100 alionse m'Malaŵi muno, mabanja 97 amaphikira nkhuni kapena makala. Choncho mbusa, mphunzitsi, mkulu wa mpingo ndi mayi wa Mvano, tonsefe nkhaniyi ikutikhudza.

Mwezi uno tifuna tilingalire pamodzi mfundo imodzi, yakuti chinthu chimagwira ntchito molingana ndi zimene achipangira ndiponso m'mene achipangira. Mfundoyi tiiona pa mbaula ya dongo, pa ng'anjo za laimu za ku Chenkumbi, ndi pa zitseko za mtsinje wa Shire ku Liwonde.

MOTO WA PA MAFUWA

Mafuwa atatu sitingaŵanyoze. Alera mibadwo yambiri, sagulidwa ndi ndalama, amalandira mphika wa msinkhu uliwonse, ndipo m'miyezi ya June ndi July banja lonse limaothera pomwepo. Koma akatswiri amene ayesa moto wa pa mafuwa apeza kuti mwa magawo 10 a kutentha kumene kuli m'nkhuni, gawo limodzi kapena aŵiri okha ndiwo amaloŵa mu mphika. Otsalawo amapita ndi mphepo, amaloŵa m'nthaka, kapena amatuluka ngati utsi. Ndiye kuti mayi amene wadzuka mbandakucha kukafuna nkhuni kuphiri, mbali yaikulu ya mtolo wakewo wasenzera mphepo.

Utsi nawo tiudziŵe bwino. Utsi ndi nkhuni zimene zalephera kupsa. Mtengo ukatenthedwa umatulutsa mpweya woyaka, ndipo mpweya umenewo ndiwo timauona ngati malaŵi. Ukapeza malo otentha kwambiri ndi mphepo yokwanira umayaka wonse. Koma ukazizira msanga, kapena ukagunda mphika wozizira usanayake, umasanduka utsi ndi mwaye. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linanena kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda odza chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Ambiri amene amaupuma tsiku ndi tsiku ndi amayi ndi ana a kumbuyo.

Motero mbaula yabwino ili ndi ntchito ziŵiri: kupsereza nkhuni zonse bwinobwino, ndi kukankhira kutenthako ku mphika.

PHUNZIRO LOCHOKERA KU GUATEMALA

Ambiri timaganiza kuti mbaula yaikulu, yolemera, ya makoma ochindikala ndiyo yosunga moto. Akatswiri enanso anayamba aganiza chomwecho. M'zaka za m'ma 1970, ku dziko la Guatemala kunapangidwa mbaula yotchedwa Lorena, dzina lochokera ku mawu aŵiri a Chisipanishi otanthauza matope ndi mchenga. Inali mbaula yaikulu ngati chulu, yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi kunja, ndipo inafala m'maiko ambiri. Koma ataiyesa mosamala anapeza kuti kaŵirikaŵiri sinkapulumutsa nkhuni monga ankayembekezera, ndipo nthaŵi zina inkadya nkhuni zambiri kuposa moto wa pa mafuwa wosonkhedwa ndi mayi wosamala. Chifukwa chake n'chakuti dothi lolemera limayamba lamwa kutentha lisanaupatse mphika, monga m'mene nthaka youma imamwera mvula yoyamba mitsinje isanadzaze.

M'zaka za m'ma 1980, Dr Larry Winiarski wa ku Aprovecho, ku America, anaphunzitsa njira ina. Iye anati moto uzizingidwa ndi zinthu zopepuka, zokhala ndi timipata tambirimbiri ta mpweya, monga phulusa, kapena njerwa zoumbidwa ndi dongo losakaniza ndi utuchi. Njerwa zotere zikaotchedwa, utuchiwo umapsa n'kusiya timaenje, ndipo timaenjeto timatsekereza kutentha kuti kusathaŵe. Ifenso nzeru imeneyi timaidziŵa: nyumba ya denga la udzu imakhala yozizira bwino mu October ndi yofunda mu June, pamene ya malata imatsata nyengo ya kunja. Anatinso pamwamba pa moto pakhale kachumuni kakafupi kuti mpweya woyaka uja upse wonse usanafike pa mphika. Mbaula zikuluzikulu zachitsulo zimene amaphikira phala m'sukulu zambiri za pulaimale ndi za mtundu umenewu, ndipo ife aphunzitsi taona ndi maso m'mene nkhuni zoŵerengeka zimaŵiritsira mphika wodyetsa ana a kalasi yonse.

CHITETEZO MBAULA

Mbaula imene yafala kwambiri m'midzi yathu ndi Chitetezo Mbaula. Inayamba kuumbidwa ku Mulanje cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndi thandizo la bungwe la ku Germany la GTZ, potengera mbaula ya ku Kenya yotchedwa Upesi. Ku Balaka, makamaka m'dera la Mfumu Msamala, bungwe la Concern Universal, limene pambuyo pake linatchedwa United Purpose, linaphunzitsa magulu a m'midzi kuumba ndi kugulitsa mbaulazi. Mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda analonjeza kuti pofika 2020 mabanja a m'Malaŵi adzakhale atalandira mbaula zosaononga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo chakacho chisanathe oyendetsa ntchitoyi analengeza kuti chiŵerengerocho chakwana.

Amene anapanga Chitetezo anayenera kusankha. Njerwa zopepuka za utuchi zimasunga moto koposa, koma n'zofumbutuka, sizipirira kutakasa nsima ya banja lalikulu pokhapokha zitatchingidwa ndi chitsulo, ndipo chitsulo chimakweza mtengo. Dongo lootcha silisunga moto kufika pamenepo, koma ndi lolimba, limapezeka m'madambo mwathu, ndipo amayi athu analidziŵa kale poumba miphika ndi mitsuko. Choncho anasankha dongo, napanga makoma osachindikala kwambiri, kuti mbaula isamwe moto ngati Lorena, ndiponso kuti mayi athe kuinyamula kupita nayo pakhonde kapena pabwalo pamene utsi sukhalitsa. Ikagwiritsidwa bwino ntchito imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Banja limene linkatha mitolo itatu limatha iŵiri, ndipo mtsikana amene ankajomba ku sukulu chifukwa cha ulendo wa kunkhuni amapeza tsiku lina la m'kalasi.

MTAPO SUFANANA

Komabe si mbaula iliyonse ya dzina limeneli imene imachita zotere. Ena agula mbaula imene yang'ambika isanathe mwezi, ndipo atero kuti mbaula zonse n'zachabe. Chilema chotere kaŵirikaŵiri chimayambira pa dzenje pamene anakumba dongo.

Mtapo wonona kwambiri, wamatamata, umaumbika mosavuta, koma umanyala kwambiri pouma, ndipo pomwepo umachita ming'alu. Wamchenga wambiri sugwirana, umangoyoyoka. Woumba wanzeru amayesa dongo asanayambe ntchito: amaliviringa ngati chingwe n'kulipinda kuti aone ngati lithyoka, ndiponso amaumba timatabwa ting'onoting'ono, n'kutiyanika ndi kutiotcha, kuti aone m'mene tanyalira. Likakhala lonona kwambiri amathiramo mchenga wosefa kapena mapale osinja. Timiyala ndi mizu azichotse zonse. Kuno ku Balaka, kumene kuli miyala ya laimu, pafunika kusamala koposa, pakuti kamwala ka laimu kakapsera m'kati mwa mbaula, pambuyo pake kamamwa chinyontho cha mu mpweya n'kutupa, ndipo mbaula imatekedzeka pamalopo ngakhale inatuluka mu uvuni yooneka bwino.

Dongo likasankhidwa amalinyika, n'kulifundika m'dzenje kwa masabata angapo kuti madzi aloŵerere ponseponse, kenaka amaliponda ndi mapazi mpaka mpweya wonse utatuluka. Amaliumba m'chikombole kuti mbaula zonse zikhale za muyeso umodzi, n'kuboola khomo la nkhuni, n'kumata zogwirira ndi timafuwa titatu tokhazikapo mphika. Kuyanika kwake n'kwa pa mthunzi, pang'onopang'ono. Woumba wofuna ndalama za msanga amayanika pa dzuŵa, kunja kumauma m'kati mudakali muŵisi, ndipo mbaulayo imaphulika mu uvuni. Pootcha napo moto uyambe wochepa kuti chinyontho chotsala chituluke, kenaka ukule, ndipo uvuni uzizire wokha usanatsegulidwe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu ndiwo lamulo lalikulu la woumba.

Inu amayi pogula mbaula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ngwee ngati mtsuko wabwino. Yosapsa kapena ya mng'alu wobisika imalira mogonthera.

MIYESO NDI NKHUNI

Dongo likhale labwino chotani, miyeso ikalakwika mbaula siigwira ntchito. Khomo likakula kwambiri, mphepo yozizira imaloŵa yambiri n'kuziziritsa moto. Likachepa, moto umabanika n'kuchita utsi. Timafuwa tija tikatalika, malaŵi amathaŵira m'mbali osakhudza mphika. Tikafupika kwambiri, mphika umatseka njira ya utsi ndipo moto umazima. Mpata woyenera ndi waung'ono, wonga kunenepa kwa chala, kuti mpweya wotentha uzidutsa mokhudzana ndi mphika. N'chifukwa chake si bwino kuti woumba azisintha miyeso pofuna kukongoletsa, ngakhalenso kuti mwini mbaula aziika miyala pamwamba pa timafuwato.

Nkhuni nazo ndi mbali ya nkhani yomweyi. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wataya mphamvu pouma madziwo usanaphike kanthu. Nkhuni zouma, zoŵaza zing'onozing'ono, ziŵiri kapena zitatu zokha, zosunthidwa pang'onopang'ono pamene nsonga zake zikupsa, ndizo chakudya choyenera mbaula. Apa alimi a ku Balaka ndi Machinga tili ndi mwaŵi, pakuti timalima nandolo wambiri. Mitengo ya nandolo imatha msanga pa mafuwa, koma mu mbaula imaphika bwino, monganso zitsononkho. Munda umodzi womwewo umatipatsa ndiwo, ndalama, chonde m'nthaka ndi nkhuni, phiri n'kupumako.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangoitanitsa mbaula zamakono za kunja? Funso limeneli linayesedwa m'dziko mwathu muno. Madokotala anachita kafukufuku wamkulu m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula za Philips, zokhala ndi kachoulutsira mphepo koyendera batire yotchajidwa ndi dzuŵa, zimene poziyesa m'nyumba zoyesera zinkatulutsa utsi wochepa kwambiri. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 2017, ndipo zinadabwitsa ambiri. Ana opsa ndi moto anachepa, koma odwala chibayo sanachepe.

Zifukwa zinalipo zingapo. Mbaulazo zinkaonongeka kaŵirikaŵiri n'kumafuna amisiri, zinkafuna nkhuni zoduladula tizidutswa, mabanja ambiri ankabwerera ku mafuwa pa zophika zina, ndipo ana ankapumabe utsi wa zinyalala ndi wa kwa anansi. Phunziro lake ndi lakuti wopanga chiŵiya aganizire dzanja limene lidzachigwire, nsima imene idzatakasidwepo, ndi mmisiri amene adzachikonze chikafa. Tiphunzireponso kusanamizana: Chitetezo imapulumutsa nkhuni ndipo imachepetsa ngozi za moto, koma siimaliza utsi. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndi kukhazika ana kutali ndi utsi, n'zofunikabe.

NG'ANJO ZA KU CHENKUMBI

Mfundo yomweyi imaoneka pa ntchito zikuluzikulu. Mapiri a Chenkumbi, kufupi ndi tauni ya Balaka, akhala akudziŵika kwa zaka zambiri ndi laimu. Kuti mwala usanduke laimu pafunika moto wa madigiri pafupifupi 900. Ng'anjo zakale zinali ngati mabokosi aatali a miyala, otseguka pamwamba. Ankaunjikamo zipika ndi miyala, n'kuyatsa, n'kudikira kuti zipse ndi kuzizira, kenaka n'kuyambanso. Kutentha kochuluka kunkangokwera kumwamba, miyala ina inkatuluka yosapsa, ndipo mitengo yachilengedwe ya m'deralo inkapita yambirimbiri.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990, bungwe la ku Britain la Intermediate Technology Development Group, limene tsopano limatchedwa Practical Action, linathandiza kumanga kumeneko ng'anjo yoimirira, yaitali ngati nsanja. Mu ng'anjo yotere miyala imathiridwa pamwamba, moto uli pakati, ndipo laimu amatulukira pansi. Mpweya wotentha pokwera umayamba watenthetsa miyala yatsopano. Mphepo yoloŵera pansi imaziziritsa laimu wakupsa, iyo n'kufika pa moto ili yotentha kale. Moto suzimitsidwa, choncho makoma safuna kutenthedwanso mwatsopano. Mwala ndi womwewo, koma chifukwa chakuti ng'anjo yaimirira m'malo mogona, kutentha kumene kukadatayika kumagwira ntchito kaŵiri.

Ootcha makala nawo ali ndi vuto lofanana. Mu uvuni wokwirira ndi dothi, mbali yaikulu ya mtengo imatha ngati utsi ndi phulusa, kotero kuti thumba limodzi la makala limadya mitengo yolemera kuliposa kasanu ndi kuposerapo.

ZITSEKO ZA KU LIWONDE

Tsopano titsike ku mtsinje. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa ndi madzi a Shire ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mbiri imatiuza kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja ya Malaŵi inatsika kotero kuti madzi ake analeka kutsikira mu Shire. Pofuna kuti zotere zisadzaimitse makina, mu 1965 ku Liwonde kunamangidwa Kamuzu Barrage, mlatho wa zitseko 14 zosunga ndi kutulutsa madzi mwa muyeso, ndipo chaka chotsatira, mu 1966, makina a ku Nkula anayamba kugwira ntchito.

Amene anamanga zitsekozo ankalingalira za madzi. Koma m'kupita kwa zaka mtsinje unayamba kubweretsa alendo ena aŵiri: namasupuni ndi matope. Namasupuni ndi zomera zina zoyandama zimatseka masefa a makina opangira magetsi. Matope ndi mchenga zimakwirira madamu, madzi osungidwa n'kuchepa, ndipo mchengawo umanola ndi kudya zitsulo za makina monga mwala umadyera mpeni. Pamene baraji inkakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la World Bank, anaikamo zitseko zatsopano zotha kusunga madzi okwera masentimita 40 kuposa kale, ndiponso chotchinga choyandama ndi makina onyamulira namasupuni kumtunda. Nalo dziko la America, kudzera mu Millennium Challenge Corporation, pa mgwirizano wa 2013 mpaka 2018, linathandiza ndi makina ochotsera matope ndi zomera, ndiponso kumanga siteshoni yaikulu ya magetsi ya Phombeya m'boma la Balaka.

Koma kodi matopewo amachokera kuti? Amachokera m'minda ndi m'mapiri mwathu, kudzera mu Rivirivi ndi mitsinje ina yothira mu Shire. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Mvula ikagwa imatsika tsiku lomwelo itasenza nthaka. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mdima wa magetsi unapitirira mpaka mu 2023. Magetsi akazima, a m'tauni amagula makala ambiri. Makala akagulidwa, mitengo imagwa. Mitengo ikagwa, matope amachuluka. Matope akachuluka, magetsi amazimanso. Ndi chingwe chozungulira, ndipo malo amodzi amene banja lililonse lingachidulire ndi pa moto wophikira.

NANGA IFE TICHITENJI?

Choyamba, magulu a Mvano ndi achinyamata a mpingo aitane oumba odziŵa bwino ntchito kuti aŵaphunzitse, ndipo asalole mbaula yosapsa kapena yolakwika miyeso kutuluka m'manja mwawo. Mbaula imodzi yong'ambika imatseka mitima ya mudzi wonse.

Chachiŵiri, abambo tisaone ngati nkhani ya moto ndi ya amayi okha. Kuŵaza nkhuni, kumanga kachisakasa kozisungiramo kuti zisanyowe m'dzinja, ndi kuboola mazenera a khitchini ndi ntchito zimene bambo wokonda banja lake angachite Loŵeruka limodzi.

Chachitatu, tisunge mitengo ya nandolo ndi zitsononkho m'malo mozitentha m'munda. Tivundikire miphika pophika. Nyemba tizinyike madzulo kuti maŵa zipse msanga.

Chachinayi, mpingo uliwonse ndi sukulu iliyonse zikhale ndi nkhalango yakeyake, ndipo pa misonkhano ikuluikulu, pa maukwati ndi pa zovuta, tiphikire pa mbaula kuti anthu aone ndi maso.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi Rev. David Clement Scott, ndi manja a makolo athu amene anaumba njerwa zake pomwepo. Chaima zaka zoposa 130 chifukwa amisiriwo sanachite chinyengo pa dothi ngakhale pa muyeso. Kukhulupirika kotere ndiko kukufunika lero kwa woumba mbaula, womanga ng'anjo ndi woyang'anira zitseko za mtsinje. Dziko ili tinangosungitsidwa, Mwini wake alipo, ndipo ana athu adzalifuna lili ndi mitengo, madzi ndi nthaka. Mulungu atipatse nzeru ndi mtima wosamala, kuyambira pa moto wa m'nyumba zathu.